Mapazi pansi pa katani

Mkamwini wanga anayamba kudziwana ndi patapata wanga asanadziwane ndi ine.

Kwathu ku Chipangali tinakula tikudziwa kuti mwamuna amene wakwatira mwana wako sumuyang'ana m'maso. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, mumalonjerana chapatali mutanyonyomala, mukuomba m'manja. Simudyera pamodzi, simukhala pamphasa imodzi. Si chidani ayi, ndi ulemu. Ine ndi mwamuna wa mwana wanga wachisanu tinasunga ulemu umenewu zaka zisanu ndi chimodzi. Mawu ake ndinkawadziwa, msana wake ndinkaudziwa, koma mukanandifunsa ngati ali ndi mpata kumano sindikanakuyankhani.

Mwana wangayo atachira mwana wachiwiri, ndinakwera galimoto kupita ku Nabvutika kukamuthandiza. Apo ndiye ndinaona kuti nyumba za m'tauni sanamangire apongozi. Khomo lotulukira limodzi, bafa limodzi, ndipo chipinda chimene ndinkagona chinalibe chitseko, chinali ndi katani yamaluwa yosafika pansi. Mkamwini akati khosomo pabwalo, ine tsee kuchipinda. Ine ndikafuna kutuluka, ndinkakhosomolanso, iye n'kutembenukira kukhoma ngati akuwerenga kalendala. Mwana wanga ankaseka mpaka kugwira pamimba. "Nyumba ino yasanduka wodi ya chifuwa," ankatero.

Mkamwiniyo ndi nesi pa kiliniki ina m'tauni. Nthawi imeneyo anali pa maphunziro owonjezera, a kasamalidwe ka anthu odwala shuga. Akaweruka madzulo ankayala mabuku patebulo, foni ataitsamiritsa ku kapu, aphunzitsi ake akulankhula Chingerezi m'menemo. Ine chilembo sindichidziwa ngakhale chimodzi, koma makutu ndili nawo. Akatseka foni ankatembenuzira zonse m'chinyanja, mkazi wake n'kukhala wodwala wake woyeserera.

"Mayi, mapiritsi mumamwa nthawi yanji?"

"Ndikakumbukira, adokotala."

"Iwe, yankha ngati munthu wamkulu, mayeso ali pafupi."

"Ndiye ndayankhatu ngati munthu wamkulu. Akuluakulu ndi amene amatero."

Ine kuseri kwa katani ndinadziwa kuti munthu wamkulu ankanenedwayo ndinali ine. Shuga anandipeza nayo kwathu, zaka ziwiri zisanachitike izi. Mapiritsi ndinkamwa ndikamva kufooka, ndikapeza bwino n'kuwasiya m'kachitini. Ndinali nditamuuza mwana wanga kuti asamuuze mwamuna wake, asamati apongozi abwera ndi matenda pakhomo pa khanda.

Tsiku lina anabwera ndi kansinga ka pulasitiki, konga ubweya wa kumchira kwa ng'ombe koma kolimbirapo. Anauza mkazi wake kuti atsinzine, n'kumamugunda nako kunsi kwa phazi. Winayo n'kumakuwa kuti akumugirigisha. Ndinamva akufotokoza kuti shuga ikakhalitsa m'thupi imapha mitsempha ya kumapazi pang'onopang'ono, munthu n'kumaponda munga osamva, chilonda n'kumakula iye akuyenda. Ndinakumbukira mnzanga wina wa kumpingo kwathu, amene tinkakumba naye mtedza. Chake chinayamba ngati kachithuza pachala. Lero amakhala pakhonde, mwendo umodzi unathera m'bondo, munda wake akulima ndi ena. Ndinapinda miyendo yanga n'kuifunditsa chitenje. Mapazi angawo anali atayamba kale kuchita dzanzi, ngati ndavala masokosi a munthu wina.

M'mawa mwake ndikusuzumira pawindo ndinaona chinthu chimene chinandiopsa. Mkamwini, atavala kale yunifolomu yake yoyera, wanyonyomala pakhomo, wanyamula patapata wanga. Anamutembenuza, n'kumuyang'ana kunsi, n'kupitsa chala pomwe pamakhala chidendene, n'kumubwezera mmene analili. Inu, kwathu munthu wogwira nsapato ya mnzake m'mamawa, kapena wotapa dothi la pomwe waponda, timadziwa chimene akufuna. Ndinati kodi mwana wophunzira chonchi, wa kutchalitchi, ndamulakwira chiyani? Tsiku limenelo patapata ndinamuwaza madzi ndisanavale, n'kupempherera. Mawa lakenso chimodzimodzi, wanyonyomala, akutembenuza. Sindinauze munthu.

Tsiku lachitatu sanapite kuntchito nthawi yake. Ndinamva akuitana mkazi wake pabalaza, ine ndili kuchipinda ndi khanda pamiyendo, pakati pathu katani yokha.

"Uwafunse amayi ngati phazi lakumanzere likuwapweteka."

"Amayi, akuti phazi lakumanzere likupweteka?"

"Uwauze apongozi kuti silikupweteka, zikomo."

"Akuti silikupweteka."

"Ndamva. Ndiye vuto lake ndi limenelo." Anapatsa mkazi wake chinthu china. "Uwaonetse ichi."

Mwana wanga analowa ndi patapata wanga m'manja, nkhope itasintha. Kunsi kwake kunali kutalowa kamsomali kakang'ono, kaja amakhomera nsapato, nsonga yake itatulukira pamwamba. Pozungulira nsongayo panali banga lakuda, louma, ndi lina laliwisi pamwamba pake. Ndinali nditayenda nako kumsika, kuchigayo, kutchalitchi, kaya masiku angati.

"Uwauze kuti andikhululukire pogwira nsapato zawo," anatero kuseriko. "Dzana ndi dzulo ndimangoona mmene ikudyekera, chifukwa ndinaona kuti akuponda mopendekera. Mapazi awo sindingawapemphe, ndiye ndinati ndifunse nsapato. Lero ndapeza magazi."

Manyazi amene ndinamva, a madzi aja ndinawaza, sindinawaululepo mpaka lero lino.

"Za shuga akudziwa?" ndinanong'oneza mwana wanga.

"Ndinawauza tsiku lomwe munafika kuno, amayi. Mumati ndibise kwa nesi?"

Tinayesa kuti mwana wanga akhale maso ake. Anandigwira phazi, mwamuna wake akufunsa ali kuseri. Chilondacho n'chachikulu bwanji? Ngati njere ya chimanga. M'mbali mwake mwafiira? Kaya, mwina, khungu la amayi ndi lakuda. Chikutentha? Chikununkha? Chalowa mkati? Mwana wanga anayamba kulira. "Ine sindinaphunzire zimenezi, bwerani muone nokha!"

Khanda linkangoyamwa chala.

"Uwauze amayi kuti ndikhoza kuwatengera kukiliniki akawaone mnzanga," anatero mkamwini. "Koma ndikufuna ndidziwe ngati n'zodikira mzere kapena n'zothamangira kuchipatala chachikulu. Asaponderenso phazi limenelo ndisanadziwe."

Ndinaganiza za amayi anga, amene anamwalira osamuonapo mwamuna wanga akutafuna. Ndinaganizanso za mnzanga uja pakhonde, ndi mtedza wanga umene ndinasiya utayamba maluwa. Kenaka ndinapereka khanda kwa amake, ndinakhala pansi pasimenti, n'kusendera mpaka mapazi anga anatulukira pansi pa katani, thupi lonse litatsala kuchipinda.

Ndinamva mkamwini akusamba m'manja. Ndinamva mawondo ake akugunda pansi. Anaomba m'manja katatu, monga timachitira polonjera akulu, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula ndi ine mwini osadzera mwa munthu.

"Pepani amayi, ndikugwirani."

Manja ake ndinawamva pa akakolo, ofunda. Kutsika m'munsi sindinamvenso kanthu. Anati akundigunda ndi kansinga kaja, ndikamva ndizinena kuti eya.

"Apa?"

"Eya."

"Apa?"

"Eya, apongozi."

"Nanga apa?"

"Eya, pamenepo ndiye kwambiri."

"Amayi," anatero mofatsa, "ulendo uno sindinakugundeni."

Mwana wanga anaseka misozi ili m'masaya. Ine sindinaseke. Ndinkayankha eya kuti ndisamuvutitse, kuti mayeso ake amuyendere, monga umayankhira mlendo kuti wakhuta. Ndinaona kuti katani imeneyi indidyetsa mwendo: iye sakuona nkhope yanga, ine sindikuona dzanja lake, tonse tikungopatsana ulemu chilonda chikukula. Ndinatambasula dzanja n'kuikokera pambali.

Ali ndi mpata kumano. Ali ndi imvi ziwiri pamwamba pa khutu, mwana wamng'ono chonchija. Anagwetsa maso msanga, inenso ndinagwetsa anga, tonse n'kumayang'ana phazi, chifukwa ndi limene linatikumanitsa.

"Yambiraninso," ndinatero. "Ndikapanda kumva ndinena."

Malo ambiri sindinamve. Chilonda anachitsuka, n'kuchimanga, n'kunena kuti tachipeza chisanafike pafupa, koma tipite lero lomwe akachione adokotala. Anandiletsa kuviika phazi m'madzi otentha amchere, amene ine ndinali nditaganiza kale. Anakaitana takisi, ndipo pochoka pakhomo kukafika pamsewu ndinatsamira phewa lake, azimayi a pampopi akutiyang'ana.

Chilondacho chinatenga miyezi iwiri. Mtedza anakumba ndi ana a mchemwali wanga. Madzulo alionse akaweruka ankagwada kumasula bandeji, ndipo ine ndinalowa m'malo mwa mkazi wake pa maphunziro aja. Ankandifotokozera za mapiritsi, za chakudya, za chizungulire chobwera shuga ikatsika, ndipo akalankhula zosamveka ndinkamuuza. "Zimenezo mukauze a mabuku anzanu. Gogo wa ku Chipangali mumuuze kuti theka la mbale likhale ndiwo zamasamba, basi." Iye n'kulemba. Ndinamuuzanso kuti odwala akamayankha eya msangamsanga aziwakayikira. Anati zimenezo waphunzira kale, kwa mphunzitsi woopsa.

Nditabwerera kumudzi ndinatumiza tambala woyera ndi dalaivala wa galimoto, chifukwa pamwambo wathu apongozi sangoyamba kumasukirana popanda kanthu, ndipo ife tinali titayambira kumapeto. Akuluakulu ena anang'ung'udza ndithu. Ndinawavulira nsapato n'kuwaonetsa chipsera.

Mayeso anakhoza. Tsopano ku kiliniki kwawo ndi iye amaona a shuga, ndipo mwana wanga akuti wodwala asanakhale pansi amayamba wamuvulitsa nsapato n'kupisamo dzanja. Ine anandigulira nsapato zansalu zotseka ndi kagalasi koonera kunsi kwa phazi. M'mawa uliwonse ndimakhala pakhonde, ndimagwedeza nsapato, ndimayang'ana mapazi onse awiri chala ndi chala, ndimamwa piritsi, kenaka n'kunyamula khasu.

Akabwera kudzationa amalonjerabe atanyonyomala chapatali, akuomba m'manja. Akamaliza amasendera pafupi n'kunena kuti, "Amayi, tione." Ine n'kutambasula miyendo.