Sindinagwe, Ndinakomoka

Anandiitana Lachinayi, m'mawa mwake mwa Lachitatu la Phulusa. Amalume anaimba foni ndili m'kalasi ku Likangala, kumene ndinkaphunzitsa. "Amayi ako zavuta. Bwera ku Zakazaka msanga, usachite kufunsa." Ndinasiya choko patebulo n'kukwera kabaza.

Amayi ndinawapeza ali bwinobwino, atakhala pakhonde, nkhope atazolika. Pabwalo panali galimoto ndi amuna awiri ovala masuti oyera. Wina anandigwira pamkono mwaulemu ndithu, amvekere, "Asisi, tiyeni, Papa akukudikirani." Ndinaitana amayi. Sanadzutse mutu.

Mlandu wanga unali wakuti asisteri anali atandilola kukayamba nawo moyo wausisteri Pasaka ikapita. Ine ndine mwana wamkazi yekhayo wa amayi, nawonso amayi anabadwa okha aakazi. Kwathu mtundu umayenda ndi akazi: ana ndi a kuchikazi, munda ndi wa kuchikazi. Ine ndikapanda kubereka, mbumba ya amalume yathera pomwepo, dimba la kumudzi lipita kwa a bere lina. Chomwe chimandiwawa n'chakuti amalume omwewo anali wapampando wa mphakati wathu wa Chikatolika. Pamsonkhano uliwonse ankapempherera maitanidwe, mawu ali pamwamba, kuti Mulungu atumize antchito m'munda mwake. Kani ankanena ana a eni ake!

Ananditengera kwa mneneri wina m'munsi mwa phiri, pamene msewu umayamba kukwera. Anthu ake ankamutchula Papa. Kuseri kwa tchalitchi chake kunali chipinda cha zenera limodzi, mmene munali akazi ena. Anandilanda foni, nsapato ndi korona yopempherera. Ku mwendo wamanzere anandimanga unyolo, n'kuukhoma pachitsulo cha zenera. Unyolowo sunali wolemera kwenikweni. Chipsera chake ndikadali nacho.

Tsiku lotsatira Papa anandifunsa mafunso, amalume atakhala pambali.

"Mwamuna wako ndani?"

"Ndilibe."

"Nanga akukuletsa kukwatiwa ndani? Amabwera kutulo?"

"Sabwera kutulo. Ndi Ambuye Yezu amene andiitana, ndipo ndinawamva ndili maso."

Anatembenukira kwa amalume akumwetulira. "Mwamva, bambo? Chiwandachi chabera dzina la Mwini wake. Ameneyu ndi mwamuna wauzimu, wamkulu zedi. Koma chituluka."

Lamulo la pamalopo linali limodzi. Lamulungu lililonse ankatitengera kutsogolo kwa mpingo, Papa n'kuika chikhatho pamphumi n'kukankha. Ukagwa, ndiye kuti chiwanda chatuluka, uzipita kwanu. Ukapanda kugwa, ubwerere ku unyolo. Mayi wina amene ndinagundizana naye mphasa, amene apongozi ake anamubweretsa chifukwa sankagwira pathupi, anandinong'oneza kuti, "Achemwali, ingogwani. Tonse timangogwa. Mukagwa mugubuduke pang'ono, amakonda zimenezo." Iye anagwadi, anagubuduka, anapita. Sindimuweruza. Koma ine ndikanagwa, ndikanavomera pamaso pa anthu kuti mawu amene anandiitana ndi a chiwanda. Ndinatsimikiza mtima kuti bola afe wina.

Lamulungu loyamba ndinalimbitsa mawondo. Papa anakankha mpaka thukuta kamukamu, ine ndili chilili. Pomwepo anandiika pa kusala kudya. Wosunga makiyi ankabwera ndi kapu ya madzi, masiku ena kaphala kamadzimadzi, n'kunena kuti, "Tikakupatsani zambiri tidyetsa chiwanda, asisi." Lamulungu lachiwiri sindinagwenso. Za Lolemba lake sindilemba zambiri. Ankati akumenya chiwanda, koma chiwandacho chinali ndi msana wanga.

Kuphiri kuja kumazizira, nkhungu imalowa mpaka m'nyumba. Ndinkawerenga korona ndi zala. Ndinawafunsa Ambuye mosabisa kuti, ngati munandiitana ndinu, bwanji mwangoti zii? Sanayankhe. Masiku ena ndinkaopa kuti mwina Papa akunena zoona. Chimene chinandigwira n'chaching'ono. Ndinkati, simunalankhulenso, inde, koma mawu anu aja simunawabweze. Ndinakakamira pamenepo ngati nkhupakupa.

Lamulungu la Kanjedza ananditulutsa nditafooka ndi njala. Ndikukumbuka chikhatho chonunkha mafuta pamphumi panga, ndikukumbuka kulimbitsa mawondo. Kenaka mdima. Ndinatsitsimuka ndili pa simenti, atandifunditsa chitenje, nthungululu zili pwirikiti, mafoni ali m'mwamba kujambula. Papa ankakuwa kuti, "Chatuluka! Chatuluka!" Ndinanena kuti sindinagwe, koma mawu anga anamira m'nyimbo. Madzulo ake anamasula unyolo.

Kanema uja anazungulira Zomba yense. Mumsika amayi ankandigwira chanza kuti, "Mwapola, mwana wathu, Mulungu ndi wamkulu." Mkwapulo ndinaupirira, njala ndinaipirira, koma chanza chimenecho chinkandipsetsa mtima koposa. Amalume anapha mbuzi, anali atakonza kale ndi mwamuna woti andikwatire. Nyama yawo sindinailawe. Lachiwiri la pambuyo pa Pasaka ndinaika zovala mu jumbo n'kuyenda wapansi mpaka kwa asisteri. Mkulu wa nyumbayo anali ataonera kanemayo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nanga zija?"

"Ndinakomoka ndi njala, amayi."

"Khala pansi udye."

Ndinkafuna kukawasumira kupolisi onsewo. Amayi anga anandigwadira, akuti ndisamangitse mlongo wawo. Ndinasiya, koma osati chifukwa cha chifundo, ayi. Mumtima ndinati amalumewo asiyeni akhale moyo, aone ndi maso awo mbumba ikutha. Patapita zaka, tsiku la malumbiro anga osatha ndinawatumira uthenga mwadala. Sanabwere. Papa uja anasamukira kwina, ndimamva kuti mpingo wake wakula. Ndikamukumbukira ndimapempha kuti tsiku lina adzagwe iyeyo, popanda womufunditsa chitenje.

Chaka chino amalume afa ziwalo mbali imodzi. Ine ndi amene ndimapititsa Ukaristia kwa odwala a ku Zakazaka Lachisanu lililonse, ndipo bambo mfumu atawalapitsa anandiuza kuti ndiziwayenderanso. Ndinawapeza pamphasa, dzanja lamanja lili lende. Ndili pa unyolo ndinkapempha ndendende zimenezi, kuti dzanja limene linandipereka liume. Nditaliona mtima wanga unati myaa, ndisaname.

"Asisteri," anatero movutikira. Tsopano ndine inu, si iwe ayi. "Mwandikhululukira?"

"Amalume, ine tsiku lija sindinagwe."

Malovu ankatsika pachibwano pawo. "Ndinaona. Munakomoka. Ndinadziwa pomwepo."

Anadziwa! Zaka zonsezi anthu akundiloza kuti uyo anatulutsidwa chiwanda, iwo akudziwa, ali duu. Ndinafuna kutseka kabokosi ka Ukaristia n'kutuluka, kuti nawonso alawe njala.

Anthu amati ndinamasulidwa tsiku la Kanjedza lija. Ine ndikuona kuti unyolo wa pamwendo umatsegulidwa ndi kiyi, koma pali wina umene kiyi wake sindinaupezebe. Chimene ndikudziwa n'chakuti Amene ndinanyamula m'kabokosimo si wanga kuti ndimane naye munthu. Ndinamuvomera pamene anandiitana, ndipo sanandiuze kuti azindituma kwa okhawo amene ndimawakonda.

Ndinagwada, ndinawapukuta pakamwa ndi mpango wanga. "Thupi la Khristu."

"Amen."

Funso lawo lija sindinaliyankhe. Lachisanu likubwerali ndipitanso.