Nkhope ya apongozi a Zangaphee

Zangaphee amajambula zithunzi pa Dwangwa. Pamaukwati amafika ndi kakamera kokwana m'thumba la jekete, kokhala ndi kalenzi kamene akakapotokola kamamukokera munthu pafupi pang'ono chabe. Ojambula ndi mafoni amamuseka, koma amenewo ndi anthu oti akakujambula lero, mawa akuti foni yafa.

Mkuluyu anakwatira kwa Kanyenda, kubanja losunga mwambo. Akakumana panjira ndi apongozi ake aakazi, mayi Nabanda, iye ankapatukira kutchire, iwonso ankatembenuka. Moni ankapatsirana patali, maso ali pansi. Ana, kuyambira woyamba Thokozire, anabadwa mpaka kukula, iye akungodziwa zidendene za apongozi akewo.

Mkazi wake Flossie atamwalira chaka chatha, mayi Nabanda anatumiza uthenga kuti akufuna chithunzi choti adzukulu adzasunge. Zangaphee anapita, naima kutali cha kukhola la mbuzi, n'kupotokola kalenzi kaja mpaka pothera. Mayiwo ankaonekabe ngati kachitsa pakati pa bwalo.

"Senderani kuno, bambo a Thokozire," anatero apongoziwo. "Mukujambula ine kapena bwaloli?"

Anasendera, nayang'ana pakagalasi ka kamerako. Mphuno ija, mpata wa mano uja, ngakhale kapendekedwe ka mutu, zonse zinali za mkazi wake. Anaona Flossie, koma Flossie wa imvi, amene imfa inamumana.

Atajambula, anatsukitsa zithunzi ziwiri. Chimodzi anakapereka kwa apongozi, chinacho chili kumutu kwa bedi lake.