Masamba Ogona Masana

Ndikukumbukira ng'amba ina ya mu Januwale ndili mwana ku Kaluluma, bambo ali kumigodi ku Joni. Munda wa fodya unali m'manja mwa amayi, ndipo mizere ya kumapeto anandipatsa ine. Ndiyo inali mbewu yanga yoyamba.

Mvula itadula, nthaka inkatentha kumapazi ngati phulusa. Tsiku lina masana amalume anabwera ndi khasu ndi mtolo wa mbewu ya mbatata. Masamba onse a fodya anali atalendewera ngati nsanza.

"Chemwali, mukulondera maliro apa," anatero. "Tizule, tiyambire mizere ya mphwangayu."

Ndinagwira chitenje cha amayi.

"Achimwene, inunso dzuwa ili mwabisa nkhope m'chipewa," amayi anayankha. "Tikuikeni m'manda? Mubwere mawa mame asanaume."

Amalume anaseka, nasiya khasu pachulu.

M'mawa tinapita tonse. Masamba ambiri anali atadzuka, ozizira, akumata m'zala. Koma m'mizere yanga, ya pamchenga, ena anali chigonere. Amayi anathyola limodzi naliyang'anitsa kudzuwa. Kuwala kunkadutsa m'mawanga otuwa ngati pepala.

"Ili lapsa mkati, mwanangu. Ngakhale mvula igwe lero, silibiriwiranso."

Anazula okha mbewu zakufazo, n'kusiya zonse zodzuka. Theka la mizere yanga linatsala. Amalume anabzala mbatata m'mipata, akung'ung'udza, ndipo mvula itabwera fodya wotsalayo tinamuthyola.

Ndinadzamva ndili wamkulu kuti m'tsamba muli timinofu topyapyala togwira kuwala kuti mbewu idye. Madzi akasowa, tsamba limatseka timabowo take n'kufota kuti lisunge chinyezi. Ludzu likapitirira timinofuto timawonongeka, ndipo dzuwa lomwe linkalidyetsa limaliwotcha.

Mayi a kunyumba kwanga atamwalira, ndinakhala miyezi osaimba nyimbo m'tchalitchi, osacheza ndi munthu. Ena anati chikhulupiriro chandithera. Sichinathe, kungoti mphamvu zinali zochepa ndipo ndinkazisunga.

Lero akulu anzanga a mpingo akafuna kuchotsa munthu amene wazilala, ndimapempha kuti tidikire, tikamuone kaye kwawo. Sikuti onse amadzuka, ndaonapo ena atapsadi mkati. Koma wofota ndi wakufa amafanana kwambiri dzuwa likakhala paliwombo, ndipo ine maso anga si a Mulungu.