Mpata Umene Bambo Ankasiya m'Nyimbo

Kumapeto kwa bairu, kapena kuti dera, ya Mateus Sansão Muthemba, mumzinda wa Tete, kumene nyumba zimathera ndipo phiri limayambira, kuli malo amene ndimawakumbukira koposa ena onse. Ndaona kuti n'koyenera kulemba zimene zinachitika pamalopo, kuti anzanga amene tinakulira limodzi m'fumbi la zaka za malasha adziwe za bambo anga ndi amayi anga. Ndikupempha owerenga kuti andikhululukire ngati kalembedwe kanga kali kouma. Sukulu ndinaisiyira panjira, ndipo kulemba ndinadziphunzitsa ndekha poonera makalata a m'maofesi.

Choyamba ndifotokoze za banja lathu. Makolo anga anali a ku Angonia. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, ndipo mtendere utabwera anabwerera kwawo. Patapita zaka kunamveka mbiri yakuti ku Tete kwatsegulidwa migodi ya malasha ndipo ntchito ikuchita kusowa anthu. Bambo anagulitsa mbuzi zawo natitenga, amayi ndi ine Eliyasi; mlongo wanga Marita anabadwira mumzinda momwemo. Ku migodi anafunsidwa mapepala a sukulu, amene analibe. Motero anatembenukira ku ntchito imene siifunsa pepala, ndiyo kuswa miyala. Mzinda unali kumangidwa mbali zonse, ndipo omanga ankafuna miyala ing'onoing'ono imene aliyense ankaitchula kuti birita.

Kagwiridwe ka ntchitoyo kanali kotere. Bambo ankasonkha moto wa matayala akutha pamwamba pa thanthwe, ndipo likatentha ankalithira madzi kuti ling'ambike. Zidutswa zake tinkazikokera pansi pa mlambe umene unali pamalopo. Kumeneko munthu ankakhala pansi atatambasula miyendo, n'kuika mwala mkati mwa mkombero wa mphira kuti usathawe, n'kumaumenya ndi nyundo. Fungo la mphira wopsa silinkachoka m'zovala. Fumbi loyera linkakhala m'nsidze ndi m'mano, ndipo dzuwa la ku Tete linkatenthetsa miyala kufikira kuti munthu sakanatha kuigwira nthawi yaitali. Kumsewu makamiyau, ndiwo malole, ankadutsa motsogozana, osalekeza.

Bambo sankayamba ntchito popanda nyimbo ya mpingo. Iwo ankatsogolera mzere, amayi ankavomera, ndipo nyundo ziwiri zinkagunda pamodzi ngati ng'oma. Ndiyenera kunena zoona, kuti bambo analibe mawu abwino. Ankaimba ngati chitseko cha malata chikamakwekwesa pansi. Koma amayi, m'katchalitchi kathu ka anthu a ku Angonia, akatsegula pakamwa ngakhale makanda ankasiya kulira. Dona Roza, mayi wachinyungwe amene ankaswa miyala pafupi nafe, ankati Mulungu anawakwatitsa dala anthu awiriwa kuti wina aziphimba manyazi a mnzake. Bambo ankaseka kwambiri akamva zimenezi, n'kukweza mawu.

Tsiku lina m'mawa mkombero wa bambo unaduka. Sanafune kuima, popeza woyendetsa kamiyau anali atalonjeza kudzanyamula mulu wathu wa birita. Anagwira mwala ndi dzanja, naumenya, ndipo kachidutswa kanauluka n'kulowa m'diso lawo lakumanzere. Sanakuwe. Anangoika nyundo pansi n'kugwira kumaso.

Amayi anachita chimene anaona amayi awo akuchita ku Angonia munthu akalowedwa chinthu m'diso. Anachotsa Marita kubere, anagoneka mutu wa bambo pamiyendo yawo, nafinyira mkaka m'disomo. Kenaka anang'amba kansalu ku kapulana yawo, ndiyo chitenje, n'kumanga. Onse amene analipo anavomereza kuti achita bwino. Bambo anati ululu wachepa, ndipo anapitiriza ntchito ndi diso limodzi. Amayi anapitiriza kuthira mkaka m'mawa ndi madzulo.

Patapita masiku diso linatupa n'kuyamba kutuluka mafinya, ndipo bambo anagwidwa ndi kutentha thupi. Tinapita nawo kuchipatala. Dotolo anafunsa kuti m'disomo munathiridwa chiyani, nanga tinachedweranji. Amayi anayankha zonse moona. Dotoloyo sanakalipe. Ananena mofatsa kuti mkaka si mankhwala a bala lotere, ndi kuti tikanafika tsiku lomwelo mwina zinthu zikanakhala zina. Ine ndinali nditaima pambali pa amayi, ndipo ndinaona akukokera kapulana pachifuwa ngati munthu wobisa chinthu chimene waba.

Diso lija linachotsedwa. Lina lija linayamba kuchita chifunga pang'onopang'ono, ndipo nyengo yozizira isanathe bambo sankathanso kusiyanitsa munthu ndi mtengo. Apa ndi pamene ndinasiyira sukulu.

Za umphawi umene unatsatira sindilembapo zambiri, pakuti owerenga ambiri amaudziwa. Chimene chinatigwera koposa njala ndi ichi: amayi analeka kuimba. Anamusiyitsa Marita kuyamwa mwadzidzidzi, nati mkaka wawo ndi woipa, ndipo mwanayo analira mpaka mawu kutha. Amayi ankaphika, ankachapa, ankaswa miyala kuposa kale, koma ngati munthu amene akugwira chibalo. Ku misonkhano ya amayi ya Lachinayi anasiya kupita. Lamulungu ankakhala pabenchi yakumbuyo, milomo itatsekedwa. Bambo anawauza kambirimbiri kuti mlandu unali wa mwala ndi wa mkombero woduka, ndi wa iwo eni amene anakana kuima. Amayi ankangoti, "Ndamva," n'kutuluka panja.

Bala litapola, bambo analamula kuti ndiwatsogolere ku mlambe. Ntchito yanga inali kuwaikira mwala mumkombero. Iwo ankaupapasa n'kumenya. Zikhadabo zawo zinada, zina zinagwa. Komabe tsiku loyamba lomwelo, asanakweze nyundo, anayambitsa nyimbo monga kale. Atatha mzere wawo anakhala chete, nyundo yokha ikugunda, kwa nthawi yonse imene amayi akanakhala akuvomera. Kenaka anayamba mzere wachiwiri, nasiyanso mpata. Amayi anali pomwepo, mikono iwiri kuchokera pa iwo, maso ali pamwala.

Zinakhala choncho m'mawa uliwonse, sabata ndi sabata. Nyimbo ya theka ndi chinthu chowawa kumva. Oswa miyala ena ankapukusa mitu, ndipo ena ankanong'ona kuti matenda alowa m'mutu, pakuti wakhungu wosweka zala angathokoze chiyani? Inenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Koma ndikayang'ana nkhope yawo, yoyera ndi fumbi, yokhala ndi dzenje pamene panali diso, sindinkaona munthu wodzikakamiza. Ankaoneka ngati munthu amene wauzidwa nkhani yabwino ndipo akudikira kuti ena aimve.

Tsiku lina, posafuna kumvanso chete uja, ndinavomera ine m'malo mwa amayi. Bambo anaimitsa nyundo.

"Eliyasi, wakutuma ndani?"

"Palibe, bambo. Ndimati ndikuthandizeni."

"Iwe ika miyala. Malowo ali ndi mwini wake."

Ndinakwiya, ndipo ndinafunsa chimene mwana sayenera kufunsa. Ndinati, "Nanga inu mukuimbiranji? Mulungu wakuchitirani chiyani?"

Anapapasa mumkombero. "Wandidzutsa," anatero. "Ndamva Marita akutsokomola, ndadziwa kuti ali moyo. Ndamva amako akusesa. Ndikayamba kuimba, mwanawe, mumalowa kanthu m'chifuwa muno kamene sindingakufotokozere, ndipo mwala uja sunafikeko. Ika wina."

Kunafika nyengo ija mvula isanagwe, pamene ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Tsiku lina kamiyau inabwera, ndipo woyendetsa atavundula mulu wa bambo ndi phazi anati miyalayo ndi yosalingana, nanyamula ya ena. Tinagonera masawu ouma ndi madzi. M'mawa mwake ndinkayembekeza kuti tsopano nyimbo yatha.

Bambo anayambitsa, koma anaiyambira pamwamba kwambiri, ndipo pakati pa mzere mawu anathyoka ngati a tambala wamng'ono. Anatsokomola, nayambanso. Ulendo uno anakwera kuposa poyamba. Dona Roza anatseka pakamwa ndi dzanja. Anayesa kachitatu, ndipo chimene chinatuluka sindingachitche nyimbo. Galu wa pafupi anadzuka n'kuchokapo.

"Bambo a Eliyasi," anatero amayi, osakweza mutu, "mukuipha nyimboyo."

"Ine ndikuimva bwinobwino, amake mwana."

"Simukuimva. Mwaikweza ngati mukuitana mbuzi kuphiri."

"Nanga wondikonza alipo? Zaka zonsezi ndinkangotsatira inu."

Amayi anausa moyo ngati munthu wotopa ndi mwana wosamva. Ndiyeno, milomo ili chitsekere, anang'ung'udza poyambira pake, kamawu kamodzi kokha, kuti awasonyeze. Bambo anakagwira msanga kamawuko, naimba mzere wawo wonse molongosoka monga sindinawamvepo, kenaka anakhala chete. Nyundo yawo inali m'mwamba, sinatsike.

Palibe amene ankamenya mwala pansi pa mlambe ponse. Ndinkamva makamiyau kumsewu ndi kupuma kwa Marita kumsana kwa amayi. Ndipo amayi anavomera. Mawu awo anali osasa, ndipo misozi inalemba mizere iwiri m'fumbi la pamasaya awo, koma anafika nawo kumapeto kwa mzere. Nyundo ya bambo inatsika. Pa mzere wachiwiri inatsika pamodzi ndi ya amayi. Dona Roza, amene sankadziwa mawu a nyimboyo m'chinyanja, analowa ndi nthungululu.

Sindinganene kuti zinthu zinasintha pambuyo pake. Tsiku limenelo sitinagulitse kanthu. Maso a bambo sanabwerere, ndipo ine sindinabwerere kusukulu. Koma Lachinayi lotsatira amayi anachapa bulauzi yawo yoyera napita kwa anzawo. Nditakula ndinawafunsa bambo ngati anaikweza dala nyimbo ija. Anati, "Mawu anga ndi omwewa chibadwire, usandinamizire luso."

Lero pamalo paja pali mpanda wa njerwa, ndipo birita imagayidwa ndi makina. Phokoso la malasha linazilala, alendo ambiri anapita, ndipo nyumba zina zimene zinamangidwa pa miyala ya bambo zili zotseka. M'matchalitchi mwadzaza zokuzira mawu, moti nyimbo ikayamba sipakhala mpata ngakhale wopumira. Sindikudzudzula, ndikungofotokoza.

Bambo anamwalira ndi chifuwa, chimene ndikukhulupirira kuti chinali cha fumbi lija. Amayi amakhala kwa ine ku Canongola, mumzinda momwemo wa Tete. M'mawa akamatsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndimamva akukhala chete kanthawi, mbale zokha zikugundana, kenaka n'kuvomera mzere umene palibe wauyambitsa. Mwana wanga wamkazi, amene amaimba bwino, tsiku lina anafuna kuwatsogolera agogo akewo. Ndinamugwira paphewa, ndipo ndinamuuza kuti malowo ali ndi mwini wake.