Waya pa kapaipi ka tebo

Ndinali makaniko wa lole imodzi yokha, ya mwini golosale wina ku Dwangwa. Woiyendetsa anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga. Sukulu ndinali ndisanapondeko. Injini ndinkaidziwa ndi khutu ndi zala.

Loleyo inali ya tebo. Tebo imakankhira mpweya mu injini, ndipo ili ndi kachitseko kotsegukira mpweyawo ukachuluka. Chimene chimauza kachitsekoko kuti katseguke ndi kapaipi ka labala, konga chala. Anzanga a pagalaja ankati ukakamanga ndi waya kuti kachitseko kasatseguke, lole imakwera chitunda ngati ilibe katundu. Mlamu anali atandiseka sabata yonse kuti ngakhale anjinga akumupitirira. M'mawa wina ndinakamanga, osamuuza.

Tinapakira mpunga ku Kanyenda dzuwa lili pamutu, ine ndi kukhala pambali pake. Pa chitunda choyamba mluzu wa tebo unakwera kufika pomwe sindinaumvepo.

"Alamu, mwaidyetsa chiyani lero?" anafunsa akuseka. "Kapena munaitengera kwa asing'anga?"

"Ndangotsuka fyuluta."

Muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini unali utalowa pofiira. Ndinauona. Iye maso anali pamsewu. Pansi pa mipando injini inayamba kugogoda, pang'onopang'ono.

"Chepetsani moto, alamu."

"Pachitunda? Mwayamba liti kuphunzitsa madalaivala?"

Mawu anali pakamwa panga: imani, ndamanga kapaipi. Koma ndinaganiza za m'mene akandisekere pagalaja, ndipo chitunda chinali chitatsala pang'ono kutha.

Sitinachimalize. Kunamveka phu, utsi woyera ndi kudzaza msewu. Mlamu atatsika kukasuzumira, madzi owira a mu injini anamuthira dzanja lonse lamanja. Amayi ogulitsa nthochi akumukulunga ndi chitenje chonyowa, ine ndinali mbali inayo, ndikumasula waya.

Mwini lole ndinamuuza kuti kachitseko kanagwira dzimbiri, poti mphepo yakunyanja imadya zitsulo. Zimachitikadi, choncho anakhulupirira. Anati dalaivala wamaso akanaona geji. Mlamu ntchito inathera pomwepo, ndipo anakadula nzimbe zaka zambiri ndi dzanja losafumbata bwino.

Kuwerenga ndinaphunzira imvi zitatuluka, kusukulu ya kwacha ya kutchalitchi. Chinthu choyamba chachitali chimene ndinalemba ndekha ndi nkhaniyi, koma ndinaing'amba. Chaka chatha ndinapita kwa mlamu ku Ngala ndi kumuuza pakamwa, titakhala pansi pa mtengo wa mango.

Sanakalipe. Anayang'ana dzanja lake nthawi yaitali.

"Mukanangoti imani, ndikanaima," anatero.

"Ndikudziwa, alamu."

"Ine ndamva. Koma amene ankanditsuka balali, ndi kulima yekha chaka chimene chija, ndi mlongo wanu. Sindikamuuza ine."

Mlongo wanga anali kuseri kwa nyumba, akuyanika chinangwa pathandala. Ndinkamumva akuthamangitsa nkhuku. Ndinatola ndodo yanga ndi kuzungulira nyumba.