Chakudya cha ku Japani chinalibe mchere

Kampira kokazinga koyamba kaja nditakaluma, ndinati Ajapani sadziwa mchere. Kanali kotentha, kofewa, pakati pali kanyama kotafunika ngati labala, koma kukoma ayi. Ndinatafuna, ndinatafuna, n'kumeza. Theka lotsalalo ndinaliuzira n'kupatsa mwana wanga wamkazi. Ine chakudya chachilendo sichinkalowa m'kamwa mwa ana anga ndisanachilume kaye. Mayi anga ankatero, nanenso ndinatengera, ndipo ku Doha kuno ndinkachita kuwonjeza.

Linali Lachisanu, nyengo yozizira ija ya mliri, ndipo aka kanali koyamba kutulutsa anawo patapita miyezi yambirimbiri. Bambo awo ndi nesi. Akabwera ku shifiti ankavulira zovala pakhomo n'kuthamangira kubafa osakhudza munthu. Ine ntchito yanga inali kupukuta: zitseko, mapaketi a mkaka, ngakhale nthochi ndinkazitsuka ndi sopo. Wamkaziyo anali ndi zaka zisanu, wamwamuna ziwiri, ndipo dziko lawo lonse linali fulati yathu ya ku Al Khulaifat, zipinda ziwiri ndi windo loyang'ana khoma la eni ake.

Amene ananditulutsa ndi achemwali ena akwathu, osati a bere limodzi, tinadziwana kutchalitchi. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Hilal. Lamulo litasintha kuti munthu angathe kuchoka kwa bwana popanda kumupempha kalata, iwo anasamukira kwa madamu ena, ndipo imeneyi inali ofu yawo yoyamba ya tsiku lathunthu. Anagogoda atadzola kale milomo, pansi pa masiki.

"Yalla, tiye, vala. Tikupita ku Japani."

"Achemwali, ndi ana?"

"Ndi panja, mphepo ikuwomba. Ana akowa ayamba kuyesa babu ndiye dzuwa. Foni yako ili girini?"

Inali girini. Masiku amenewo sunkalowa paliponse usanaonetse alonda foni kuti mtundu wako ndi wobiriwira, kutanthauza kuti ulibe matenda.

Japani wakeyo anali pabwalo, kuseri kwa masitolo akuluakulu. Anamanga kamsewu ka matabwa, timashopu tothithikana uku ndi uku, nyali zapepala zofiira zili lendelende mpaka kumapeto. Ine kukamwa yasa m'kati mwa masiki. Ng'oma zikugunda, utsi uli tolotolo, ogulitsa atamanga tinsalu pamphumi, akukuwa mawu amodzimodzi kwa aliyense wodutsa, kenako n'kuwerama. Achemwali anayang'anitsitsa mmodzi.

"Uyu si Mjapani. Uyu ndi Mfilipino, ndimakumana naye pa basi."

Komabe anamuweramira mpaka chikwama kugwa.

Tinaona mbale za chakudya chonyezimira, mwana kutambasula dzanja, kupeza ndi pulasitiki. Tinaona masokosi okhala ndi kachipinda kakekake ka chala chachikulu, achemwali anagula, ati azikavala ndi patapata kutchalitchi. Makina oti ukapotokola amaikira dzira, m'kati muli kachidole. Amphaka oyera adongo, mzere wonse, akukupiza dzanja pamodzi ngati kwaya. Wamwamuna ali kumbuyo kwanga m'chitenje ankawatsanzika, bayi, bayi, mphaka aliyense payekha, osalola kuti tidumphe mmodzi. Achemwali anamugulira kamodzi.

Ndinkaseka, koma maso ali ponseponse. Wakhosomola uko, ndamuona. Watsitsa masiki uyo, ndamuona. Tikangochoka pa shopu, sanitayiza m'manja mwa ana.

Mjapani weniweni analipo mmodzi, bambo wa imvi, ndipo ndi amene ankakazinga timipira tija, akutitembenuza ndi timitengo tiwiri mwachangu ngati akuluka juzi. Pamwamba anawaza tinthu topyapyala ngati zopalidwa pa thabwa, ndipo tinthuto tinayamba kuvina tokha ndi kutentha.

"Amayi, ndi zamoyo!" anakuwa wamkazi.

"Idya msanga zisanathawe," anatero achemwali.

Ndinaloza kampira ndi chala kufunsa za m'kati. Bamboyo anandionetsa chithunzi cha chilombo cha m'nyanja cha miyendo eyiti. Ndinatsinzina n'kuluma. Ndiye mchere uja palibe.

Mwana anameza theka lija n'kupempha kena. Achemwali akunyambita zala, ati msuzi wake, ati fungo lokhalo munthu ungakhute. Mumtima ndinati anthu okonda zachilendo ndi choncho, amangoyamikira.

Tinapitirira. Keke yooneka ngati nsomba, mchira ndi mamba omwe, m'mimba mwake nyemba zothira shuga.

"Anthu inu, nyemba ndi ndiwo," anatero achemwali kwa wogulitsa, m'Chichewa, ngati akumva. "Zakulakwirani chiyani?"

Koma anaimaliza yonse. Ine ndinaluma mutu, ndinamva phala lofunda chabe, n'kugawira ana. Nyama yapakamtengo, ndinaluma, n'kupereka. Ayisikilimu wobiriwira, ndinanyambita, n'kupereka. Ndinafika pouza mnyamata wowotcha nyama kuti awonjezere mchere. Anawaza, ine ndikuti thirani, n'kuwazanso. Achemwali atalawa anatsala pang'ono kulavula.

"Mchere wonsewu? Mng'ono wanga, nena zoona, wachitatu ali m'njira?"

Tinaseka mpaka misozi kunyowetsa masiki. Kenako anakwinya mphuno n'kusuzumira kumbuyo kwanga.

"Iwe, mwanayu waipitsa kalekale. Anthu akutipatuka. Sukumva?"

Ndinamasula chitenje, ndinamutsitsa, n'kuika mphuno pa thewera penipeni. Palibe. Ndinatsegula sanitayiza uja amene amandiyetsemulitsa, n'kununkhiza. Ngati madzi. Utsi wa nyama unkandidutsa kumaso, ine ndikuuona ndi maso okha.

Bambo awo ankanena kawirikawiri kuti odwala ena sakhosomola, satentha thupi, amangosiya kumva fungo ndi kukoma. Kampira, nsomba, nyama, ayisikilimu, zonse zinachoka m'kamwa mwanga kupita m'kamwa mwa ana. Miyezi yonse ija ndikutsuka nthochi ndi sopo, lero ndawapatsa ndekha, n'kuuzira komwe.

Ndinakweza masiki, ndinavala ina pamwamba pake, n'kubwerera m'mbuyo.

"Achemwali, musandiyandikire. Mwanayo mumusinthe ndinu, mumubereke ndinu."

Anandiyang'ana kamodzi kokha ndipo anamva.

"Nanunso mwalawa nyama yanga," ndinatero.

"Ndalawa. Khalasi, basi, zimenezo tiona mawa. Imbira bambo awo."

Wamwamuna analira pamsana pachilendo, kamphaka ali nako gwaa m'manja. Wamkazi anathamanga kudzandigwira dzanja monga amachitira tikamawoloka msewu, ndipo ine, mayi wake, ndinabisa manja kumbuyo. Ndinasolola chitenje china m'chikwama n'kumuponyera nsonga imodzi.

"Gwira uko. Tikusewera sitima. Iwe ndiwe mutu, ine bogi yomaliza. Nsaluyi ikalendewera, sitima yagwa."

"Ikagwa nditani?"

"Siigwa. Woyendetsa ndiwe."

Tinatuluka mu Japani muja choncho, achemwali patsogolo, mwana akuliza pii pii, nsalu ili kwee pakati pathu, ogulitsa akutiweramira, amphaka akutitsanzika. Anthu ankaseka, ena kujambula. Nanenso ndinkayankha kuti chuku chuku, kuti asatembenuke n'kuona maso anga.

Bambo awo anabwera ndi galimoto, anatenga ana ndi achemwali kaye, ine ndinatsala pa benchi ndekha mpaka anandibwerera kuti ndikayezedwe. M'mawa mwake foni yanga inali yofiira. Achemwali analibe matendawo, ndipo madamu awo atsopanowo anawasungabe pantchito. Ana anawayeza kawiri, kawiri konse analibe, koma zimenezo ndinazidziwa patapita masiku.

Tsiku loyezedwa lomwelo ndinalowa kuchipinda ndi kapu yanga, mbale yanga ndi ndowa, n'kukiya. Kiyi ndinamuponya pamwamba pa wadiropu, chifukwa ndinkadzidziwa kuti wamwamuna akalira kwambiri nditsegula. Pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi thaulo. Mwanayo ankabwera n'kumamenya chitseko ndi kamphaka kaja, ine ndili chigonere pansi mbali inayo, ndikumuimbira. Nthawi ya phala ikakwana ndinkamva supuni ikugunda mbale, ndiye ndinkakuwa ndili momwemo.

"Bambo ake, musalawe. Musauzirenso. Ingodikirani lizizire lokha."