Karima wa fotokope ndi buku la eni ake

Nthawi inali isanakwane seveni koloko m'mawa, koma makina a fotokope a Karima anali atatentha kale. Kashopu kake kali m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay, pakati pa telala ndi bambo wogulitsa mafuta a injini za maboti. Magetsi kwathu kuno sachedwa kuthima, ndiye iye amayamba ntchito asanamwe n'tiyi yemwe.

Karima ndi mwana wa a Idi, asodzi a usipa. Sukulu analekeza Fomu 2, kompyuta anakaiphunzira kwa mlamu wake ku boma. Aphunzitsi amabwera ndi mabuku m'mafoni, otengedwa mu laibulale ya pa intaneti, iye n'kuwasindikizira mutu umene akuphunzitsa sabata imeneyo. Pamwamba amaikapo tsamba la dzina la wolemba, olo asamuuze.

Tsikulo, ine ndili m'shopumo kudikira mapepala a mwana wanga, kunabwera a Stanley, amene amaphunzitsa ana a Sitandade 8 masana pakhonde pawo. Amenewa ndiwo anali kasitomala wake wamkulu.

"Chemwali, buku la sayansi ili ulitulutse lonse, mwana aliyense lake," anatero akumupatsa foni. "Tsamba loyambalo uchotse, uikepo dzina langa. Makolo azigula kwa ine."

Karima anawerenga m'munsi mwa tsambalo. Panalembedwa kuti bukulo ndi lowerenga ndi kuphunzitsira, osati logulitsa.

"Aphunzitsi, mutu umene muli nawo sabata ino ndikutulutsirani pompano. Koma lonse ayi."

"Iwe, wolembayo kaya ali ku Zomba kaya kunja, akudziwa kuti kuli Karima? Kapena ndi malume ako?"

Karima anaseka. "Boti la bambo likakocheza, wopempha ndiwo amamutapira, ngakhale mlendo. Koma munthu abwere ndi beseni, adzaze, akayale pamsika n'kumati ndapha ndekha? Ameneyo angalawe nkhafi."

"Ndiye ana anga alephere mayeso chifukwa cha usipa wa a Idi?"

"Salephera. Sabata iliyonse mutu wake, ngati kale."

A Stanley anabweza foni m'thumba, nati ku boma kuli makina osafunsa mafunso. Anaimitsa njinga yamoto, ulendo. Mpaka lero sanapondemonso m'shopumo.

Karima sanawatsatire pakhomo. Anamaliza masamba a masamu a mwana wanga amene ndinkadikirira, n'kuwamenya sitepula. Kenaka maso ake anagwera pa makatoni a mapepala amene anagula podalira ntchito ya a Stanley. Anakonza mpango wake.

"Riziki, chakudya cha tsiku ndi tsiku, amapereka ndi Allah," anatero. "Koma inu make Chisomo, mukapita kusikelo mukawauze amayi anzanu kuti ndimatulutsanso makadi a ukwati ndi zithunzi za ana. Mapepala awa asandiwolere muno."